Makina Awiri a Mbedza a Ambuya Anu

Bana Mwape, aja a nyumba yoyang'anana ndi yathu, anandifunsa tili pa mzere wa madzi kumpopi. Ati, "Amake Dalitso, imwe ndimwe mwana wa musodzi. Bamuna banga bafuna kugula kamashini ka mbedza. Manje ku shopu babauza ati kuli ka buleki ya kutsogolo na ka buleki ya kumbuyo. Ni kati kabwino?"

Ndinawayankha osaganiza n'komwe kuti agule ka kutsogolo. Atafunsa chifukwa, ndinati n'kolimba, ndipo kakadwala munthu amakatsegula ndi zala. Anavomera ndi mutu, chigubu chawo chinadzaza, anasenza n'kumapita. Yawo inathera pomwepo. Koma ine ndinafika pakhomo chitenje chitanyowa ndi madzi otayikira, chifukwa maganizo sanali pa chidebe. Yankho limene ndinawapatsa mosavuta chonchija, ineyo pa tsiku limene linafunika sindinalitsate.

Ndiye ndatenga buku lakale la masamu la Dalitso, ndayambira kumapeto kumene kuli masamba oyera. Ndikulembera inu ana, iwe Dalitso ndi iwe Tamara, ndi adzukulu anga amene mudakali kutali, amene mwina mudzapeza bukuli makoswe atalidya m'mbali. Musaseke kuti mayi wopanda imvi ngakhale imodzi akulemba ngati nkhalamba. Ambuya anu, Atate anga, anapita ndi zinthu zambiri m'mutu akunena kuti adzatiuza chaka cha mawa, choncho ine sindidikira imvi. Sukulu ndinalekera giledi seveni. Pamene ndalakwitsa mudzakonza nokha, si ndinu ophunzira a pafoni.

Ndikufuna mudziwe chifukwa chake simudziwa mtsinje, chonsecho ndinu adzukulu a msodzi.

Atate anali a Sakala, a kwa Katete, koma m'Chawama monse ankawadziwa kuti Ba Sakala ba manjinga. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, pa kanjira kopita kumsika. Asanayambe za njinga anagwirapo ntchito ya m'dimba la maluwa ku mayadi, kwa bambo wina wokalamba wokonda kuwedza. Bamboyo pobwerera kwawo anawasiyira ndodo ziwiri za mbedza ndi makina ake awiri. Amayi ankati munthu wanzeru akadapempha sitovu kapena bedi. Atate ankangoti sitovu siipita ku mtsinje wa Kafue.

Kwa inu amene nsomba mumaidziwa itauma gwa m'firiji ya kubutchala, ndifotokoze. Makina amenewa amamangidwa kunsi kwa ndodo. Ali ndi chogwirira chopukusa, ndi bobini yonga ya makina osokera koma yaikulu, pamene pamakulungika twaini. Ndiye pali buleki. Nsomba ikakoka ndi mphamvu yoposa ya twaini, buleki imalola bobini kutsetsereka pang'onopang'ono, ikulira kuti trrrr, twaini n'kumatuluka m'malo moduka. Ukamanga buleki kwambiri, twaini imaduka. Ukamasula kwambiri, nsomba imapita nayo mpaka ku Chirundu. Usodzi wonse wa ndodo uli pakati pamenepo, ndipo umasintha ndi kachitsekero kopotokola konga ka botolo.

Makina amodzi anali akuda, olemera, kachitsekero kake kali kutsogolo, pamwamba pa bobini penipeni. Atate ankawatchula kuti Chakuda. Enawo anali aang'ono, otuwa ngati supuni, kachitsekero kali kumbuyo, kumchira. Amenewo anali Kasiliva. M'nyumba mwathu ankatchulidwa ngati anthu. Amayi akamasesa ankati, chotsani ana anuwa pansi pa bedi.

Tinabadwa awiri, ine ndi mlongo wanga Mabvuto, amalume anu aja a pa minibasi. Mabvuto anapita ku mtsinje kamodzi kokha. Anasanza atanunkhiza nyambo, ndipo tsiku lonse anakhala pa mwala akuwerenga magalimoto odutsa pa buliji. Choncho wopita ndi Atate ndinakhala ine. Azimayi a pamzere wa nyumba zathu ankalankhula, nawonso Amayi ankafunsa kuti mtsikana wonunkha nyongolotsi adzakwatiwa ndi yani. Atate ankati ndidzakwatiwa ndi mlamba, ndipo chimalo cha ukwatiwo adzalandira mamba, ngakhale mlamba ulibe mamba. Atate anu mukawayang'ana ndevu zija akapanda kumeta, mwina ulosi sunaphonye kwambiri. Musakawauze.

Nyengo yabwino inali yotentha, mvula isanagwe, pamene fumbi la m'komboni limalowa ndi m'mano momwe. Lachisanu madzulo ndinkakumba nyongolotsi pamene pankathera madzi a kosambira, n'kuziika m'chitini ndi dothi lonyowa. Za milamba tinkatenga matumbo a nkhuku kwa azimayi osendera nkhuku kumsika, ndipo nthawi zina Atate ankacheka kachidutswa ka sopo wa mtanda wa Amayi, chifukwa mlamba umadya ndi sopo yemwe. Amayi ankapeza mtanda wafupika, n'kuuyeza ndi chala pamaso pathu. Choyandamitsa chinali chidutswa cha patapata wakutha. Cholemetsa inali nati ya njinga. Lero ndimaona m'masitolo a m'tauni tinsomba ta pulasitiki tonyezimira, tokhala ndi maso, tokongola kuposa ndolo zanga. Sindidziwa ngati nsomba za masiku ano zinaphunzira kudya zoterozo.

Loweruka kukuyera tinkatuluka wapansi mpaka ku msewu wa Kafue, ndodo zitagawidwa pawiri n'kumangidwa ndi malegeni. Makondakita a basi ankawadziwa Atate. Mmodzi ankakonda kunena kuti, "Ba mudala, izo ndodo muzalasa nazo bantu m'maso, na ico citini cinunka monga muntu anafa mailo." Atate ankamuuza kuti asunge mawu akewo mpaka madzulo, pamene adzapempha mutu wa mlamba. Ndipo ankapemphadi. Tinkadutsa Chilanga, masamba a mitengo ali mbuu ndi fumbi, kenako mapiri aja, kenako mphepo inkasintha fungo n'kuyamba kununkhira matope ndi udzu wovunda. Ndinkadziwa kuti tafika ngakhale nditatsinzina.

Kamba wathu anali mbatata yophika, nsawawa zokazinga zokulunga m'pepala, ndi munkoyo wa Amayi m'botolo la mafuta ophikira lotsukidwa bwino. Botololo Atate ankalimanga chingwe m'khosi n'kuliponya m'madzi kuti lizizire. Inu mumati chakumwa chozizira ndi cha m'firiji. Simunamwe munkoyo wozizira ndi mtsinje, dzuwa lili pa liwombo, mvuu ikufwenthera kutsidya.

Chakuda chinali cha Atate okha. Ankanena kuti mawasha a buleki yake, timagudumu topyapyala timene timakhuzana m'kati, ndi aakulu ndipo amagwira mofatsa, osadzidzimuka. Mlamba wautali ngati mwendo wa munthu ankautopetsa ndi Chakuda. Vuto lake linali limodzi: nsomba ili mkati mokoka, kuti usinthe buleki uyenera kupititsa dzanja kutsogolo, pamene twaini ikuthamanga, ndipo twaini yothamanga imacheka ngati lezala. Atate anali ndi kachipsera pa chala chachiwiri chifukwa cha chimenechi.

Ine anandiphunzitsira pa Kasiliva ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankaima kumbuyo kwanga, mawondo awo atagunda msana wanga, ine nditagwira ndodo ndi manja onse awiri. Nsomba ikaluma sankagwira ndodo ayi, sankagwiranso manja anga. Dzanja lawo linkangodutsa pansi pa chigongono changa n'kukhala pa kachitsekero ka kumchira kaja. Nsomba ikathamanga, amasule pang'ono. Ikatopa, amange pang'ono. Ine ndinkangomva akunena chapansipansi kuti pukusa, leka, pukusa. Kwa zaka ziwiri ndinkakhulupirira kuti nsomba zonsezo ndikugwira ndekha, ndipo ndinkadzitama kusukulu mpaka anzanga kutopa nane. Tsiku lina ndinayang'ana pansi n'kuona zala zakuda ndi girisi zikugwira ntchito pamenepo mwakachetechete. Ndinakwiya, ndinati achotse dzanja. Anachotsa. Nsombayo inadula twaini tisanaione. Anangomanga mbedza ina, ndipo ulendo wotsatira ndinakweza chigongono ndekha kuti dzanja lidutse.

Mvula ikagwa ndithu, mtsinje unkatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndipo Chawama inkasanduka dziwe. Tinkayenda pa miyala ndi pa matayala, achule akulira mpaka m'khichini. Imeneyo inali nyengo yotsegula makina. Atate ankayala thumba pakhonde, n'kutenga kabotolo ka mafuta a makina osokera a Amayi, kamene ankati akubwereka ngakhale sikanabwezedwe tsiku lililonse. Chakuda anandiphunzitsa mpaka ndinkachitsegula osayang'ana. Upotokole kachitsekero, bobini ichoka yokha. Mawasha uwatulutse ndi singano, uwandandike pa thumba monga momwe anakhalira, uwapukute, udontheze mafuta, ubwezere. Thupi lake linali ndi masikuluu atatu okha.

Kasiliva ayi. Ameneyu, ankatero Atate, ndi wa mtima wobisika. Buleki yake ili m'kati mwa mchira, timawasha ting'onoting'ono ngati mabatani a malaya a khanda, ndi kasipuling'i kamene ukakatsegula mosasamala kamadumpha ngati chiwala. Tsiku lotsegula Kasiliva ankayala nsalu yoyera ya pabedi, n'kuthamangitsa nkhuku, ana a eni ake, ndi ine ndemwe. Ndikapempha kuti ndione, ankati chaka cha mawa, maso anga akakhazikika. Chaka cha mawa chinabwera kambirimbiri. Kenako ndinakula, ndinayamba kugulitsa tomato ndi Amayi, ndinakumana ndi atate anu, ndinasamukira kuno ku Kanyama.

Malamulo awo pa makina anali awiri, ndipo ankawanena ngati a m'Baibulo. Ukafika kunyumba masula buleki, mawasha apume. Ndipo makina saviikidwa m'madzi. Ungawapukute ndi kansalu konyowa, koma kuwaviika ayi. Madzi akalowa m'kati satuluka okha.

Dalitso, uli m'mimba miyezi isanu ndinapita kukawaona pansi pa mango paja. Bambo wa Chichewa sanena za pakati pa mwana wake wamkazi. Anandiyang'ana kamodzi, n'kubweza maso pa sipoko imene ankamanga, n'kunena kuti, "Kasiliva ndakathira mafuta. Ndamva kuti kukubwera msodzi wina."

Sanakuone. M'nyengo yozizira chifuwa chinawagwira, ndipo sabata ziwiri sizinakwane. Pamenepo ndinali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Pa maliro ponse, anthu akuimba, ine m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha, chimene sindinauze munthu: mwana uyu ndidzapita naye ine ku Kafue, ndidzaima kumbuyo kwake.

Abale anabwera kuchokera kumudzi, otsogolera ali Atate aakazi, mlongo wawo wamkulu wa Atate. Anali mayi wamfupi, wosakweza mawu, koma akalankhula ngakhale amuna ankachotsa zipewa. Anabwera ndi mwana wawo Yotamu, msuwani wanga, bambo wa ana atatu kale panthawiyo. Kwathu katundu wa womwalira sagawidwa asanatsukidwe. Amati thukuta la mwini wake lichoke, kuti wolandira asamalote naye. Zovala, mabulangete, nsapato, zonse zimaviikidwa m'madzi a mizu ina imene akuluakulu amabwera nayo. Ndipo mayi woyembekezera sakhudza kanthu ka womwalira mpaka atabereka, mwana n'kutuluka m'chikuta.

Ndinali nditakhala pakhomo la chipinda pamene ndinaona Atate aakazi atanyamula Chakuda kudzanja lina, Kasiliva kudzanja lina, akupita ku beseni lalikulu lochapira limene munali kale malaya ndi thovu. Ndinayang'ana Amayi. Amayi anali namfedwa, atakhala pansi pa mphasa, nsalu ili kumutu, ndipo namfedwa salankhula za katundu, angamuti akulirira chuma. Ndiye ndinadzikoka ndi mimba yangayo, ndinagwada chapatali, ndinawomba m'manja. Ndinati pepani Atate, makinawo eni ake sankawaviika, ankangowapukuta.

Anandiyang'ana mwachifundo ndithu. "Mwana wanga, chinthu cha kumadzi chingaope madzi? Mlongo wanga wagwira zimenezi zaka zonsezi, thukuta lake lili m'kati. Ukufuna azikubwerera usiku, uli ndi pakati?"

Azimayi ena anavomereza. Wina anati ana a m'tauni amafuna kuphunzitsa akulu ndi kuyetsemula komwe. Makina analowa m'beseni. Ndinamva kuti bwi, bwi, timathovu tikutuluka kumchira kwa Kasiliva. Anakhalamo masiku awiri, chifukwa mizu ija amati igwire. Atawavuula anawayanika pa thumba, pa dzuwa la mwezi wa Juni lija limene siliumitsa ndi thewera lomwe.

Musawade Atate aakazi. Ankachitira mlongo wawo ulemu umene ankaudziwa, ndipo ankanditeteza ine ndi iwe Dalitso. Kumudzi kwawo chitsulo chimene ankachidziwa ndi khasu ndi nkhwangwa, ndipo zimenezo ukazitsuka umangoziimika padzuwa.

Kugawa kunachitika m'mawa, pabwalo, anthu atazungulira mphasa. Zipangizo za njinga zinapita kwa mng'ono wawo wa Atate. Jekete la kutchalitchi linapita kwa Mabvuto, ndipo mpaka lero manja ake amamufika m'zala. Zitatsala ndodo ndi makina, Yotamu anasendera pafupi. Pa mwambo wathu mwana wa mlongo ndiye amalowa m'zinthu za amalume ake, ndipo aliyense ankayembekeza kuti atenga zonse. Koma Atate aakazi anati makina ndi awiri: amodzi apite kumene mwini wake anabadwira, ena atsale kumene anabala. Anaitana Mabvuto kuti asankhe. Mabvuto, Mulungu amudalitse, anati iye ndi nsomba amakumana m'mbale, wosankha akhale Tisa, ineyo.

Yotamu anaseka. Paja msuwani ndi mkazi wako wa nthabwala, ngakhale pa maliro. "Mkazi wangayu? Ndi chimimba ichi akaima m'mphepete mwa mtsinje ng'ona zidzati Khirisimasi yafika. Tenga kakang'onoko, Tisa, uzipukusira ulusi wa manapukeni."

Ndinamuuza kuti iye ngakhale atam'patsa onse awiri angagwire chule yekha, chuleyonso atachita kumumvera chisoni. Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa pa maliro kotsekera kukamwa. Kenako Atate aakazi anati ndiloze ndi chala, ndisakhudze.

Tsono mvetsani bwino apa, chifukwa sindifuna mudzanene kuti amayi athu sankadziwa. Ndinkadziwa. Makina onse awiri anali patsogolo panga pa thumba. Chakuda ndinkachidziwa m'kati monse. Ngakhale chitadikira miyezi itatu, ndikadachitsegula, kuchipukuta, kuchithira mafuta, chikadauka. Kasiliva kanali katagona chammbali, ndipo kumchira kwake kunali kadontho ka madzi kolendewera, kofiirira ngati tiyi. Ndinakaona kadonthoko. Ndinadziwa kuti dzimbiri layamba kale m'malo amene sindinaonepo n'kamodzi komwe. Mutu unkati Chakuda. Ndinamvanso ngati mawu a Atate akuti Chakuda, iwe, usapuse.

Koma pa kachitsekero ka Kasiliva utoto unali utafufutika mbali imodzi, pamene pankakhala chala chawo chachikulu. Ndipo anali atanena okha kuti akathira mafuta chifukwa cha iwe. Ndinaganiza za kamwana kataima pa matope, ine kumbuyo kwake, dzanja langa likudutsa pansi pa chigongono. Ndi Chakuda sizikadatheka chonchija.

Ndinaloza Kasiliva.

Madzulo ake ndinamuitana Yotamu kuseri kwa nyumba. Ndinamufotokozera zonse, kupotokola, kuchotsa bobini, mawasha, masikuluu atatu, mafuta. Ndinamubwerezera kawiri. Ankangoti inde mkazi wanga, inde aphunzitsi, maso ali kwa anthu amene ankamanga katundu wa pa basi. Anati akangofika adzachita.

Kasiliva anakatenga Amayi kuti andisungire. Amayi anali munthu waukhondo. Anakakulunga m'pepala la pulasitiki la shuga, n'kuikanso m'lina, n'kumanga mfundo zolimba kuti fumbi lisalowe, n'kukaika pansi pa sutikesi. Anamanganso kachitsekero mpaka kumapeto kuti kasagwe n'kutayika. Zonsezi ndinazidziwa mochedwa. Ndinkaganiza kuti kali pa windo, pa mphepo.

Unabadwa, mchombo unagwa, tinatuluka m'chikuta. Tsiku limene ndinaloledwa ndinapita ku Chawama ndi iwe kumsana. Nditamasula mapulasitiki munatuluka fungo la chitini chakale. Chogwirira chinkapukusika chikukukuta ngati muli mchenga. Kachitsekero sikankasuntha.

Ine ndine munthu woleza, mukudziwa. Ndinakadontheza palafini tsiku ndi tsiku kwa sabata yathunthu mpaka kachitsekero kanavomera. Ndinayala nsalu yoyera monga ankachitira Atate, ndinatseka chitseko, ndinatsegula mchira. Mawasha a nsalu anali atafufuma n'kuphwanyika ngati bisiketi yogwera m'tiyi. Achitsulo anali atamatirirana. Kasipuling'i sikanadumphe n'komwe, kanangothyoka pawiri m'zala zanga. Ndinacheka mawasha atsopano pa lilime la nsapato yakale ya atate anu, kasipuling'i ndinachotsa m'bolopeni. Koma ndondomeko yake sindinkaidziwa, kuti kayambe ndi kati, katsatire kati. Ndinayesa njira zonse zimene mutu wanga unaganiza, kwa miyezi, iwe ukagona masana. Ndinapita nako kwa mdala wina wokonza mawotchi ku Kamwala. Anakatembenuza, anati zitsulo za mtundu uwu zinasiya kubwera kalekale, ndikapachike pakhoma. Pamapeto ndinafika poti ukakoka twaini ndi dzanja, bobini inkatsetsereka n'kulira pang'ono. Ndinadziuza kuti zatheka.

Ndinadikira mpaka utakwana zaka zisanu ndi chimodzi. Tamara anali wa kumsana. Atate anu anatiperekeza, ngakhale iwo madzi amene amagwirizana nawo ndi osakanizira simenti basi. Zambiri zinali zitasintha. Pamene tinkakhala ndi Atate panali mpanda wa waya ndi nyimbo za malo omwera, ndipo tinayenda ndithu kuti tipeze poima pakati pa namasupuni. Munkoyo ndinachita kugula. Koma fungo la matope linali lomwe lija.

Unagwira ndodo ndi manja onse awiri, lilime lili panja. Ndinaima kumbuyo kwako. Tinagwira tinsomba tiwiri ting'onoting'ono, tosafuna buleki, ndipo unavina. Dzuwa litapendeka, chidutswa cha patapata chinamira osabwereranso, ndodo inapindika mpaka nsonga kugunda madzi. Nsombayo inali mlamba, ndinaudziwa ndi kukoka kwake kopita pansi, kolemera, kosafulumira. Dzanja langa linali kale pa kachitsekero. Ndinamasula. Bobini sinalire. Ndinamasulanso, ndinapotokola mpaka kachitsekero kanatsala pang'ono kuchoka, koma m'kati zikopa zanga zija zinali zitagwirana ndi kutentha, sizinalole ngakhale pang'ono. Unkakokedwa kupita kumadzi, zidendene zikulemba mizere m'matope. Ndinakugwira m'chiuno ndi dzanja linalo. Twaini inati twa.

Unagwa chagada pa miyendo yanga. Unayang'ana ndodo yowongoka, kenako unandiyang'ana ine, n'kufunsa kuti, "Mami, nalakwisa?"

Ndinati ayi, sunalakwe ndiwe. Sunalire. Unapempha chitumbuwa, unakakhala pafupi ndi atate ako kutali ndi madzi, ndipo pobwerera unagona m'basi njira yonse. Kuyambira tsiku limenelo ndikatchula Kafue umati kuli chinthu chokoka anthu. Ndinayesa kawiri konse kukunyengerera. Sindine mayi wokakamiza mwana, ndinaleka. Tamara amatsata zimene mkulu wake wanena.

Chaka chathachi tinapita kumudzi kukaika Atate aakazi. Mwambo utatha ndinamufunsa Yotamu za Chakuda. Nthabwala zinamuthera. Anakanda m'mutu, anati kwawoko damu limaphwa chaka chilichonse, tinsomba take n'ta mbedza ya bango. Anati ankafuna kutsegula akakolola, kenako anaiwala. Twaini anasokera matumba a chimanga, yotsala ana anatchera mbewa. Ndodo inathyoka akugwetsera mango. Thupi la makina analisiya pansi pa nkhokwe, ndipo nkhokweyo inagwa kalekale.

Bobini yokha ndiyo tinaipeza. Inali gudumu la kutsogolo la galimoto ya mawaya ya mdzukulu wake, kachitsekero kali pomwepo, atakamanga ndi waya. Ndinapempha mwini galimoto kuti ndione. Ndinakhala pa chitsa, ndinatulutsa mawasha ndi minga, ndinawandandika pa chitenje. Patapita zaka zonsezi, atagona m'beseni, atagubuduzika m'fumbi la mudzi wonse, anali athunthu onse. Ankangofuna kupukuta ndi kadontho ka mafuta. Ndinawabwezera m'malo mwake mmodzimmodzi, ndinam'patsa mwanayo gudumu lake, chifukwa anali atayamba kale kukwinya nkhope.

Ndiye zotayika ndi izi. Makina anali awiri, amoyo palibe. Ndodo yatsala imodzi, yopanda ntchito. Mlamba umodzi, umene sitinauone ndi mutu womwe. Ndi msodzi mmodzi, wa zaka zisanu ndi chimodzi.